Zolembedwa za Kum'mawa Zili Kuti pa Intaneti, Nanga Anazilemba Ndani?

Ophunzira a m'makoleji a ku Chipata akapatsidwa kafukufuku wa za moyo wa anthu, kaya ndi mikangano ya minda, maukwati a ana aang'ono, ulimi wa fodya kapena kusamuka kwa mabanja, ambiri amabwerera kwa aphunzitsi awo ndi dandaulo limodzi: "Aphunzitsi, za kuno kwathu palibe amene analembapo." Ena amalilemba ndithu dandaulolo m'mutu woyamba wa kafukufuku wawo ngati chifukwa chochitira ntchitoyo. Koma si zoona. Chigawo cha Kum'mawa chakhala chikulembedwa kwa zaka zoposa 100, ndipo zambiri mwa zolembedwazo munthu angazione pa foni osatulutsa ngwee, kupatula ya bandulo. Chimene chimasokeretsa n'chakuti zinasungidwa ndi maina amene tinawasiya, anthu anawerengedwa m'malire amene anasunthidwa, ndipo amene akuzisunga ali kutali, aliyense ndi khomo lake lolowera.

Dzina limene mwalemba ndilo limene mupeze

Makina ofufuzira monga Google Scholar sadziwa mbiri, amangofananiza zilembo. Mukalemba kuti Chipata, akubweretserani za posachedwa zokha, pakuti mpaka pambuyo pa ufulu wa 1964 tauniyi inkatchedwa Fort Jameson, ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911 pamene dzikolo linaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia. Chigawo chathu m'mapepala akale chimatchedwa East Luangwa. Achewa azungu ambiri ankawalemba kuti Cewa, Angoni kuti Angoni kapena Fort Jameson Ngoni powasiyanitsa ndi a ku Nyasaland, ndipo Mpezeni mumupezanso atalembedwa kuti Mpeseni. Yesani lililonse pa lokha, muliike pakati pa zizindikiro zogwira mawu kuti makina asalimwaze, muone mmene tsamba likudzazira.

Maina awiri adzatulukiratulukira. Woyamba ndi John Barnes, amene anakhala pakati pa Angoni a Mpezeni kuyambira 1946 mpaka 1949, n'kulemba za maukwati awo mu 1951 ndi za ulamuliro wawo mu 1954. Wachiwiri ndi Max Marwick, amene buku lake la 1965 linafotokoza za ufiti pakati pa Achewa a kuno. Iye anaona kuti anthu kawirikawiri amanenerana ufiti pachibale, m'bele limodzi, makamaka pakakhala kulimbirana unyakwawa kapena chuma cha masiye. Ntchito za mtunduwu zinkazungulira Rhodes-Livingstone Institute, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1937 ndipo lero, litasinthasintha maina, ndi INESOR ya pa University of Zambia.

Kodi wophunzira wa lero awerengerenji za azungu a zaka za m'ma 1940? Chifukwa choyamba n'chakuti pamenepo ndi poyambira kuyeza kusintha. Simunganene kuti chikamwini chikutha musanadziwe mmene chinalili. Chachiwiri ndi kachinsinsi ka Google Scholar. Pansi pa nkhani iliyonse pali mawu akuti Cited by ndi nambala pambali pake. Mukadina pamenepo mumaona onse amene anatchula bukulo pambuyo pake, mpaka a chaka chino. Ndiye buku lakale limakutsogolerani kwa olemba atsopano, kuphatikizapo a ku Zambia ndi Malawi amene anatsutsana nalo. Powerenga musaiwale kuti azunguwa sankayenda okha. Mafunso ankafunsa, mibadwo ya mabanja ankalemba ndi kumasulira anali othandizira achikuda, amene maina awo nthawi zambiri amangopezeka m'mawu othokoza. Ndiponso amene ankakhala pansi n'kuyankha mlendo wobwera pa galimoto, m'nthawi ya msonkho, ankasankha zonena.

Khoma la ndalama ndi makomo ake

Mwapeza nkhani yabwino, mwadina, ndiye akuti lipirani madola 40. Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi. Chimachitika n'chakuti magazini ambiri a akatswiri ali m'manja mwa makampani osindikiza monga Taylor & Francis, Elsevier ndi Wiley, amene amagulitsa chilolezo chowerengera ku malaibulale a mayunivesite chaka ndi chaka. Wolemba nkhaniyo salandirapo kanthu pa madola amenewo. N'chifukwa chake kumulembera imelo yaulemu yomupempha kope sikumubera, ndipo ambiri amatumiza mosangalala.

Musanalembe imelo, yang'anani pansi pa nkhaniyo pa Google Scholar pomwe palembedwa kuti All versions. Osindikiza ambiri amalola wolemba kuika kope lake pa tsamba la yunivesite yake, ndipo kope limenelo ndi laulere ngakhale manambala a masamba angasiyane. JSTOR, yomwe imasunga magazini akale monga Africa, Journal of African History ndi Journal of Southern African Studies, imalola aliyense wolembetsa ndi imelo kuwerenga nkhani 100 pamwezi osalipira. Kuwerenga kwake n'kwa pa intaneti pomwepo, kutsitsa ayi, ndipo nkhani za zaka zingapo zapitazi nthawi zambiri zimakhala zisanalowe. Palinso Research4Life, mgwirizano wa osindikiza ndi nthambi za United Nations umene unayamba ndi Hinari ya zaumoyo mu 2002, kenako AGORA ya zaulimi, mpaka GOALI ya zamalamulo mu 2018. Zambia ili m'gulu la maiko oyenerera, koma amalembetsa ndi sukulu, chipatala chophunzitsira kapena ofesi ya boma, osati munthu payekha. Choncho kafunseni oyang'anira laibulale ngati koleji yanu inalembetsa. Pasiwedi ikhoza kukhala ili m'dirowa, ikungosowa woifunsa.

Za olemba a mu Africa muno fufuzani pa African Journals Online (AJOL), yomwe inayamba mu 1998 ndipo ili ndi magazini opitirira 500, ndi pa tsamba la CODESRIA, bungwe la ofufuza za moyo wa anthu mu Africa la ku Dakar. Koma kwa ine mgodi weniweni wa wofufuza za Kum'mawa ndi nkhokwe ya pa intaneti ya University of Zambia, momwe muli makafukufuku a madigiri apamwamba. Ambiri analembedwa ndi aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi amene anagwirapo ntchito ku Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi, ndipo amatchula midzi ndi masukulu enieni. Si onse amene ali olimba. Ena anafunsa anthu 30 n'kulankhula ngati afunsa chigawo chonse. Komabe mndandanda wa mabuku kumapeto kwake umakuonetsani malipoti a boma amene simukanadziwa n'komwe kuti alipo.

Manambala ndi malire oyendayenda

Pa ziwerengero m'pamene ophunzira amapunthwa kwambiri, ndipo amapunthwa ali ndi gwero lolondola m'manja. Zambia Statistics Agency, imene kale inali Central Statistical Office, ili ndi malipoti a kalembera pa tsamba lake. Kalembera anachitika mu 1969, 1980, 1990, 2000, 2010 ndi 2022. Tsegulani wa 2010, boma la Chipata lili ndi anthu opitirira 450,000. Tsegulani wa 2022, muwapeza osakwana 350,000. Wothamanga alemba kuti anthu akuthawa ku Chipata, n'kuyamba kufunafuna zifukwa: umphawi, kusowa ntchito, matenda. Pomwe palibe anathawa. Mu 2018 Chipangali ndi Kasenengwa anadulidwa ku Chipata n'kukhala maboma paokha, monganso Lumezi ndi Chasefu anachokera ku Lundazi ndipo Lusangazi ku Petauke. Vubwi ndi Sinda anakhala maboma mu 2012. Kuti muyerekeze bwino, phatikizani Chipata, Chipangali ndi Kasenengwa a 2022, kapena tsikirani ku ziwerengero za makonstichuwensi, n'kulemba momveka kuti mwachita zimenezo.

Chigawo chenichenicho nachonso chasunthapo. Chama anapititsidwa ku Muchinga pamene chigawocho chinkakhazikitsidwa mu 2011, ndipo anabwezedwa Kum'mawa mu 2021. Lipoti loyambirira la kalembera wa 2010 linatuluka zigawo zili 9, lomaliza zili 10, motero "Kum'mawa mu 2010" kuli ndi manambala awiri, onse oona. Wa 2022, wa anthu opitirira 2.4 miliyoni, Chama ali momwemo.

Kalembera amawerenga aliyense koma amafunsa zochepa. Zakuya zimachokera ku makafukufuku a anthu osankhidwa, ndipo wodziwika kwambiri ndi Zambia Demographic and Health Survey, amene wachitika kangapo kuyambira 1992. Wa 2018 anafunsa amayi opitirira 13,000 za kubereka, kulera, msinkhu wokwatiwira, nkhanza za m'banja ndi maphunziro. Malipoti ake ndi aulere, ndipo chida cha STATcompiler chimakupangirani tebulo loyerekeza zigawo popanda kudziwa masamu ozama. Mukafuna mayankho a munthu aliyense payekha, maina atachotsedwa, mumalembetsa ndi kufotokoza mwachidule cholinga cha kafukufuku wanu, akakuvomerezani n'kutsitsa mafailo otsegulidwa ndi mapulogalamu a ziwerengero monga Stata, SPSS kapena R yomwe ndi yaulere.

Pali zinthu zitatu zimene mafailowa sanena pokhapokha muwerenge malangizo ake. Anthu anasankhidwa kuti aimire dziko lonse, tauni ndi midzi, ndi chigawo chilichonse, osati boma lililonse. Ndiye simungatengemo chiwerengero cha Vubwi yekha. Zigawo za anthu ochepa zinapatsidwa ofunsidwa ochulukirapo dala, choncho mayankho amayenera kupimidwa. Mu failo ya amayi muli ndime yotchedwa v005, imene mumaigawa ndi 1,000,000 n'kuigwiritsa ntchito ngati muyeso wa yankho lililonse. Mukailumpha, maperesenti anu sagwirizana ndi a m'lipoti, ndipo mudzakhala usiku wonse mukufunafuna pomwe mwalakwitsa. Chachitatu, malo a midzi pa mapu anasunthidwa mwadala poteteza ofunsidwa, m'tauni mpaka makilomita 2, kumidzi mpaka 5, ndipo midzi yowerengeka mpaka 10. Wofuna kuyeza mtunda wa kuchoka pamudzi kupita kuchipatala azidziwiretu zimenezi.

Afrobarometer, imene yakhala ikufunsa anthu maganizo awo pa demokalase, mafumu, ziphuphu ndi umphawi kuyambira 1999, ili ndi chida chosavuta pa tsamba lake. Koma ku Zambia imafunsa akuluakulu pafupifupi 1,200 dziko lonse, ndipo yankho likhoza kuphonya ndi mapointi atatu uku kapena uku. Gawo la Kum'mawa pa anthu amenewa ndi cha m'ma 150, ndipo pa anthu ochepa chotero kuphonyako kumafika cha pa mapointi 8. Ngati Kum'mawa kwaposa chigawo china ndi mapointi 5, musamangepo mutu wonse wa kafukufuku. Wofufuza za umphawi aone Living Conditions Monitoring Survey, yomwe mu 2022 inapeza kuti anthu 60 pa 100 alionse m'dziko muno ndi osauka. Wa zaulimi, chimanga, nshawa, thonje ndi feteleza wa makuponi, apite pa tsamba la IAPRI, bungwe lofufuza za ulimi, amene anayendera mabanja a alimi ang'onoang'ono mu 2012, 2015 ndi 2019. Ndipo IPUMS International ya ku University of Minnesota imapereka gawo la mayankho a kalembera wa 1990, 2000 ndi 2010 kwa ofufuza olembetsa.

Mndandanda si chikalata

Pa nyumba zosungira zakale pali kusamvana kumodzi kofala. Zambiri zimene zili pa intaneti ndi mindandanda yonena kuti failo yakuti ilipo, osati failo yeniyeniyo. Titenge nkhani ya malo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Mjeremani wina dzina lake Carl Wiese ananena kuti Mpezeni anamupatsa dziko, ndipo pa mawu amenewo North Charterland Exploration Company inatenga dera la masikweya mailosi 10,000. Angoni atagonjetsedwa mu 1898 ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni, ataphedwa, minda yabwino yozungulira Fort Jameson inapita kwa azungu olima fodya, eni nthaka n'kupanikizidwa m'malo opatulidwa amene anaguga msanga. Boma la atsamunda linagula malo a kampaniyo mu 1941 n'kuyamba kusamutsirako mabanja. Midzi yambiri imene ilipo lero inakhala pomwe ilipo chifukwa cha kusamutsa kumeneko, ndiye wofufuza mikangano ya malire a mafumu sangaizembe mbiriyi.

Mukalemba North Charterland pa Discovery, mndandanda wa National Archives ya ku Kew mu London, mudzaona mafailo, ambiri a m'gulu la CO 795 lomwe ndi makalata a pakati pa London ndi Northern Rhodesia kuyambira 1924. Mudzaona mutu, chaka ndi nambala, koma kuti muwerenge muyenera kulipira kuti akujambulireni kapena kupempha wina amene ali konko. Zimene mungawerenge zonse pompopompo ndi Hansard, zokambirana za nyumba ya malamulo ya ku Britain, momwe aphungu ankafunsa nduna za kampaniyi m'zaka za m'ma 1930.

Za pafupi ndi mudzi zili ku National Archives of Zambia ku Lusaka. Kumeneko kuli mabuku otchedwa District Notebooks, amene abwanamkubwa a maboma ankalembamo mibadwo ya mafumu, midzi, msonkho, mvula ndi mamishoni, wina akachoka womulowa m'malo n'kupitiriza. Kulinso malipoti a maulendo awo oyendera midzi. Konzekerani ulendo wa pa Great East Road, makilomita opitirira 550, mutanyamula kalata yochokera kusukulu kwanu, ndipo manambala a mafailo muwatoleretu m'munsi mwa masamba a olemba ena kuti masiku a ku Lusaka asathere pofunafuna. Mabukuwa awerengeni ndi diso lochenjera. Mndandanda wa mafumu umene mzungu analemba anaumva kwa munthu wina wake, ndipo munthuyo anali ndi mbali yake. Lero mapepala omwewo amatengedwa ngati umboni pa milandu ya ufumu, ngati kuti inki siinama.

Zilipo zina zimene zinajambulidwa zonse n'kuikidwa poyera. Endangered Archives Programme ya British Library, pa ntchito ya nambala EAP121, inajambula mapepala a chipani cha UNIP pamodzi ndi a African National Congress ya Harry Nkumbula. Poti UNIP inalamulira kuyambira 1964 mpaka 1991, zaka zambiri ili chipani chokhacho, m'mafailo ake muli makalata ndi malipoti a m'zigawo okhudza zinthu zimene wina angaganize kuti n'za boma osati za chipani. Masamba ake ndi zithunzi, ndiye simungafufuze liwu mkati mwake. Mumatsegula limodzilimodzi, ndipo bandulo imatha mofulumira. Mabuku akale amene sakusindikizidwanso yesani pa Internet Archive.

Za mamishoni n'zomwazikana. A Dutch Reformed anayamba pa Magwero mu 1899, kenako Madzimoyo ndi Nyanje, ndipo zambiri zimene analemba zili m'Chiafrikaans ku South Africa. Ansembe a White Fathers ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku m'Chifalansa, ndipo zina zimasungidwa ku FENZA, malo awo a maphunziro ku Lusaka.

Wofufuza za malamulo ndiye ali pabwino. ZambiaLII ili ndi malamulo ndi zigamulo za makhoti aakulu kwaulere, ndipo tsamba la Nyumba ya Malamulo lili ndi zokambirana za aphungu. Mungawerenge nokha lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo, limene limapatsa ana 50 peresenti, wamasiye 20, makolo 20 ndi ena odalira malemuyo 10, n'kuonanso kuti silikhudza malo a mafumu. Mungaone lamulo la malo la 1995, ndi kusintha kwa lamulo la ukwati mu 2023 kumene kunaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ngakhale wa pamwambo.

Misampha iwiri, ndi kusunga

Mapulogalamu a AI ocheza nawo amatha kupeka nkhani yonse, wolemba, chaka ndi magazini, zooneka zenizeni. Pa nkhani za madera ngati athu, kumene zolembedwa za pa intaneti n'zochepa poyerekeza ndi za ku Ulaya, kupekako kumachuluka. Chilichonse chimene akupatsani, chisakeni pa Google Scholar kapena lembani DOI yake, nambala yozindikiritsa nkhaniyo, pa doi.org, chikapanda kutuluka, chitayeni. Msampha wina ndi magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse m'masiku ochepa bola mwalipira. DOAJ ili ndi mndandanda wa magazini aulere amene anaunikidwa, ndipo m'poyambira pabwino.

Chimene mwapeza lero chitsitseni lero, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Masamba a maunduna amasintha boma likasintha, malipoti n'kusowa. Mu 2025 ndalama za USAID zimene zinkayendetsa DHS Program, yosunga mafailo a Demographic and Health Survey, zinaimitsidwa mwadzidzidzi, ofufuza padziko lonse n'kuda nkhawa ndi mafailo a zaka 40. Tsamba likasowa, Wayback Machine, nkhokwe ya masamba akale a pa intaneti, nthawi zina imakhala ndi kope lake lakale. Pulogalamu yaulere yotchedwa Zotero imasunga PDF pamodzi ndi wolemba, chaka ndi mutu, imagwira ntchito ngakhale netiweki palibe, ndipo imakulemberani mndandanda wa mabuku mwa APA kapena Harvard. Masiku a kuzimazima kwa malaiti ngati a 2024, wophunzira amene anatsitsiratu amawerenga, mnzake akudikira.

Zina sizili pa intaneti ndipo sizidzafikapo posachedwa. Milandu ya m'makhoti a lokolo, kumene maukwati ambiri amathera ndi chuma kugawidwa, ili m'mabuku olembedwa pamanja pa khoti pomwepo. Kaundula wa anthu a m'mudzi ali kwa anyakwawa, mabuku a ubatizo ndi maukwati ali kutchalitchi, ndipo mbiri ya mmene mudzi unasamukira mu 1942 ili m'mutu mwa agogo ochepa amene atsala. Kuti muzione mumayamba ndi kalata ya kusukulu, chilolezo cha komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, ndi kukaonekera kwa amfumu kudzera mwa nduna zawo musanafunse munthu aliyense. Lamulo la 2021 loteteza zinsinsi za anthu limakhudzanso wophunzira wonyamula foni yojambulira mawu: ofunsidwa auzidwe m'chinenero chawo, Chichewa, Chinsenga kapena Chitumbuka, kuti mawu awo akupita kuti, avomere, ndipo maina awo asungidwe pa failo ina yosiyana ndi ya mayankho.